Kiyi Wachiwiri

Tikhala analemba, malume ake, a Goliati, akuyankhula. Iwo sukulu analekeza sitandade 2, n'chifukwa chake anamutenga popita ku polisi.

"Lemba kuti m'galimoto yangamo munali matumba khumi a nandolo. Ndinangolowa m'sitolo pa Namitambo kukagula mchere. Potuluka ndinaona fumbi lokha."

Galimotoyo malume anaitenga pangongole kwa mwini garaja wina ku Limbe, n'kumalipira mwezi ndi mwezi. Chaka chino nandolo anatsika mtengo, ndipo anaphonya miyezi iwiri. Mwini garaja sanalembe kalata, kukhoti sanapiteko. Anangotuma munthu ndi kiyi wachiwiri. Apolisi anamugwira munthuyo asanafike patali.

"Nanga abwana akewo muwamanga?" anafunsa Tikhala.

"Akuti sanatume munthu," anayankha wapolisi, mayi wa maso otopa. "Amatero onse. Ngongole ndi ngongole, achemwali, koma kutenga galimoto popanda chikalata cha khoti, katundu wa eni ali momwemo, ife timati kuba. Woyendetsayo asenza yekha."

Mtima wa Tikhala unali pa Loweruka. Tsiku limenelo akwawo kwa Levi amayenera kubwera kudzafunsira mbeta. Levi, mnyamata wofatsa amene anakumana naye m'minibasi, wogwira ntchito mu ofesi ina m'tauni. Zaka ziwiri anamubisa ngati dzira, pamudzi osamutchula ngakhale dzina. Tsono ankhoswe a Tikhala anali malume omwewa, ndipo anali atalumbira.

"Sindiyala mkeka wa alendo wakubayo asanaone khoti. Akamamwa tiyi alendo akowo, ine ndikudya chiyani?"

Tikhala anawagwadira dzulo lake, mayi ake anayesanso kuwapepesa. Sizinamveke. Chimene chinamutsalira chinali cholembera chokha. Anakanikiza mpaka pepala kufuna kubooka. Anawonjezera ndi mawu akeake, akuti banja silidzalola zokambirana, munthuyo alangidwe msanga.

Malume anadinda chala. Tikhala anasaina ngati mboni.

"Pepala ili likalowa, silituluka," anatero wapolisi, n'kuliika m'kabati. "Mubweretseni amuone."

Chitseko cha chitokosi chinalira. Anatuluka Levi, wopanda nsapato, atagwira buluku ndi manja omangidwa.

"Kani ndi ameneyu," anatero malume, n'kutembenukira kwa Tikhala. "Muyang'anitsitse, mwana wanga. Munthu wotereyu ukadzakumana naye panjira, udzathawe."