Chipinda cha Kuseri kwa Sitolo

Panali munthu wina dzina lake Bonifasio, wa ku Lilongwe. Anabwera ku Magomero mwezi wa Juni ndi mwana wake wamkazi, Maureen, wa zaka zisanu ndi ziwiri, kudzamuonetsa kumene makolo awo analima thangata. Malo ogona alendo anawapeza atadzaza chifukwa kunali ukwati.

Mwini sitolo wina, Albert, anati, "Bwana, musavutike. Ndili ndi chipinda kuseri, bedi ndi bulangete zilimo."

Pakhonde la sitoloyo pankakhala a Andrea, nkhalamba yosoka nsapato. Albert atapita kukatenga kiyi, iwo anaitana mlendoyo.

"Achimwene, musagone m'menemo. Chipinda chinacho adzazamo matumba a chimanga, ndipo dzulo aikamo mapiritsi ophera anankafumbwe. Khoma lapakati silifika kudenga. Tiyeni kwathu, mphasa ilipo."

Bonifasio anayang'ana jekete lawo long'ambika n'kuseka. "Madala, mwana wanga sagona pamphasa."

Albert anatulukira, nati, "Asiyeni awa, kachasu anawamaliza mutu."

Ndi mmene zilili masiku ano. Nkhalamba ikayankhula amati yaledzera.

Atalowa, Maureen anati, "Adadi, muno mukununkha ngati adyo."

"Ndi fungo lakumudzi, uzolowera."

Kunja kunali chiperoni. Bonifasio anatseka zenera, natsekanso mpata wapansi pa chitseko ndi thaulo.

M'bandakucha anadzuka mutu ukuwawa ngati aumenya ndi nkhwangwa. Anasanza. Chifuwa chinali ngati achimanga ndi chingwe. Anagwedeza mwana.

"Maureen! Maureen, dzuka!"

Mwanayo anangotsegula maso pang'ono, milomo itada, thovu lili kukamwa. Bambo anayesa kuimirira, miyendo inakana. Anakwawa mpaka pakhomo n'kukuwa.

Albert atasuzumira n'kuona mwanayo, anakwera njinga yamoto, ulendo. A Andrea, amene anabwera molawirira chifukwa mtima sunawakhale pansi, anamunyamula mwanayo n'kuimitsa galimoto ya masamba yopita ku Limbe. Njira yonse Bonifasio ankangoti, "Akupuma? Agogo, ndiuzeni, akupuma?"



Kuchipatala anamulowetsa mwana mothamanga. Bonifasio anakana kugonekedwa, anakhala pabenchi, maso ali pachitseko. Patapita nthawi namwino anatuluka, naima patsogolo pake.

"Bambo, mwabwera ndi chitenje?"

Analibe. Mayi wina wogulitsa nthochi pageti ndiye anamasula chake kuti akulungire mtembo wa mwanayo.

Phunziro: Mukafika kuchilendo musathamangire bedi. Funsani chimene chili kuseri kwa khoma, ndipo m'nyumba mmene aikamo mapiritsi a chimanga musagonemo, ngakhale akupatseni ulere. Ife okalamba mumatinyoza chifukwa sitinaphunzire ndipo zovala zathu n'zazigamba, koma tsiku lonse timakhala pakhonde, ndipo chilichonse cholowa m'nyumba timachiona. Tumizani nkhaniyi kwa abale anu onse oyenda maulendo, makamaka aja odziyesa odziwa zonse.