Mawu a Ahedi pa Foni

Panali munthu wina kuno kwathu, dzina lake a Efulemu Kamchacha, amene anali ahedi pa sekondale ina yoyima payokha pakati pa Mitundu ndi Nathenje. Amene anandiuza nkhaniyi ali ndi m'bale wawo amene ankaphunzitsa pomwepo.

A Kamchacha sanali munthu woipa ayi. Vuto lawo linali lofuna kutchuka msanga. Atamva kuti sukulu za m'tauni zayamba kugwiritsa ntchito AI, mapulogalamu aja oyankha ndi kulankhula ngati munthu, analakalaka kuti sukulu yawo ikhale yoyamba m'dera lonselo.

Tsiku lina kunabwera bambo wina wotchena, atanyamula laputopu. Anati dzina lake ndi Gilibati, wachokera ku bungwe lothandiza sukulu za kumudzi. Anatsegula laputopu ija, pulogalamu n'kuchonga mapepala a kalasi yonse ya Fomu 3 m'kanthawi kochepa. Ahedi anangoti kukamwa yasa.

"Zonsezi ndi zaulere," anatero Gilibati. "Mungondipatsa mayina a ana, zithunzi zawo, kumene amakhala ndi manambala a makolo. Kenako inuyo muwerenge masamba atatu awa mokweza, ine ndijambule mawu anu. Pulogalamuyi iziyimbira makolo ndi mawu anu omwewo, inu muli phee mu ofesi."

Mayi Zipora Nkhwazi, mphunzitsi wa masamu, anali pomwepo. Mlendo uja atatuluka pang'ono, iwo anati, "Ahedi, pepani, tisathamange. Munthuyu tangomuona lero. Tiyambe tawauza a komiti ya makolo, tifunsenso ku ofesi ya maphunziro ngati bungweli akulidziwa. Ngati n'kuyesa, tiyese kuchonga kokha, zithunzi za ana tisapereke."

"Inu mayi, chilichonse chatsopano mumachiopa," anayankha ahedi. "Tikadikira komiti, munthuyu apita kwina, ife n'kutsala m'mbuyo."

Tsiku lomwelo anapereka zonse. Ana anafola panja, Gilibati n'kumawajambula mmodzimmodzi.

Mwezi woyamba zinayenda bwino. Makolo ankalandiradi mafoni, mawu a ahedi akuwauza mmene mwana wakhozera mayeso, kapena tsiku la msonkhano. Anazolowera, n'kuyamba kukhulupirira chilichonse chimene mawuwo anena.

Loweruka lina mayi Zipora akugula tomato pa msika wa Mitundu, mayi wina anawagwira mkono akumwetulira. Anali amayi ake a Felesiya, mtsikana wa Fomu 3 amene makolo ake anali matenanti pa esiteti ina ya fodya.

"Aphunzitsi, mukatithokozere kwa ahedi. Mwana uja wanyamuka bwino m'mawa uno."

"Wanyamuka kupita kuti?"

"Ku maphunziro akunja aja. Ahedi anatitumizira uthenga wa mawu pa foni Lachinayi kuti wapeza mwayi, tikamusiye pa Nathenje, galimoto ya bungwe imutenga. Anati tisauze anthu kuopa nsanje. Anali atsikana atatu."

Mayi Zipora anatulutsa foni yawo. Anayimbira ahedi pomwepo. Ahedi anali kunyumba, sankadziwa chilichonse. Ahediwo anayesa nambala ya Gilibati, inali yozima. Anatuma munthu kumalo amene Gilibati anati kuli ofesi ya bungwe m'tauni, anakapeza pali wogulitsa matayala.

Atauzidwa za nkhaniyi, apolisi anafalitsa uthenga m'misewu. Madzulo a tsikulo galimoto ija inagwidwa ikulowera kumalire, muli atsikana awiri. Felesiya munalibe. Anzakewo anati panjira anamutsitsa n'kumukweza galimoto ina. Dalaivala anati iye anangopatsidwa ganyu, amene anamutuma sakumudziwa nkomwe.

Lolemba makolo anadzaza pa sukulu. Ahedi anaimirira, n'kulumbira kuti sanayimbire kapena kutumizira munthu aliyense uthenga wotere. Apo bambo ake a Felesiya, a Yakobe, anatulutsa foni m'thumba, n'kutsegula uthenga uja kuti aliyense amve.

"Bambo a Felesiya, ndine ahedi a Kamchacha. Ndili ndi nkhani yabwino ya mwana wanu..."

Mawu anali a ahedi ndendende, ngakhale kakokedwe kake.

"Mawuwo ndi anga," anatero ahedi, "koma sindinalankhule ine."

"Ndiye mawu anu anawapatsa ndani?" anafunsa a Yakobe. "Nanga nambala yanga? Nanga chithunzi cha mwana wanga? Munandifunsapo ine?"



Sabata imeneyo makolo ambiri anachotsa ana awo, ndipo temu isanathe sukulu inatsekedwa. A Kamchacha anasamuka, akuti ali kwa mchemwali wawo ndipo satuluka m'nyumba. Gilibati sanaonekenso. Mayina, zithunzi ndi manambala a ana onse aja akadali m'manja mwake.

Felesiya mpaka lero sanapezeke. Mwezi watha foni ya amayi ake inaitana, nambala yachilendo. Anamva mawu a mwana wawo: "Amayi, ndili bwino, musandifunefune." Foni n'kuduka.

Mayiwa ayenda kwa apolisi, kwa abusa, kwa mayi Zipora, ndi funso limodzi: kodi analankhula uja ndi mwana wanga, kapena ndi makina? Palibe amene wawayankha.

Phunziro: AI ikhoza kuthandiza sukulu zathu, koma isalowe mwachangu kapena mwamseri. Ahedi ndi aphunzitsi, musanapereke mayina, zithunzi, manambala kapena mawu kwa aliyense, funsani makolo ndi ofesi ya maphunziro, ndipo mverani mnzanu akakuchenjezani. Makolo, mawu a pa foni si umboninso masiku ano. Mukauzidwa zoti mwana apite kwinakwake, makamaka akati musauze anthu, pitani nokha ku sukulu mukaonane ndi aphunzitsi maso ndi maso. Musangowerenga n'kukhala chete, tumizani nkhaniyi ku magulu a makolo, a aphunzitsi ndi a kumpingo lero lino.