Lamulo la Gogomole pa Mbawa Yotsiriza

Padangokhala, abale anga, nkhalango yomwe mudatsala mbawa imodzi yokha. M'mphako mwake munkakhala Njuchi ndi ana ake, ndipo adakangana ndi Gogomole za momwe angautetezere mtengowo.

"Wobwera ndi nkhwangwa ndizingomuluma," adatero Njuchi.

"Umbuli umenewo, achemwali! Pafunika lamulo lolemba."

Gogomole adagogoda khungwa kulemba kuti OSADULA, mpaka kuzunguliza tsinde lonse kuti wochokera mbali iliyonse awerenge. Khungwa litadukiratu mozungulira chonchi, posakhalitsa masamba adayoyoka, mtengo n'kuuma, Njuchi n'kusamuka akulira.

"Komatu palibe wadula!" adadabwa Gogomole. "Nanga waphwanya lamulo langa ndani?"

Musamuseke kwambiri. Chikwangwani choletsa kudula mitengo kwathu ndidakhoma ndine, koma thabwa lake ndidacheka mlombwa wa kumtsinje. Mpaka lero sindidziwa ngati ndidateteza kapena ndidaononga. Mundikhululukire.