Mphete ya Alamu

Makaniko anali atamangirira kale bokosi latsopano la mafyuzi pafupi ndi batire, loti lizipereka moto ku magetsi a padenga pa galimoto ya m'tchire ya alamu ake. Panatsala waya wofiira yekha.

Atadzutsa mutu, anaona mlongo wake atakhala pa tayala lakutha pakhomo pa galaja. Tsaya lake linali lotupa, pakati pake pali bala lofanana ndendende ndi mutu wa mphete ya mwamuna wakeyo.

"Anagwa kubafa," anatero alamuwo akuseka. "Fulumirani, alamu."

Makaniko sanachotse waya wakuda pa batire kuti adule moto monga amachitira nthawi zonse. Anangowapatsa alamuwo sipanala.

"Nati iyi ya waya wofiira yandikanika. Mangani ndinu, paja dzanja lanu ndi lamphamvu."

Mphete inakhudza sipanala ndi chitsulo cha galimoto nthawi imodzi. Moto unathetheka, mphete inafiira ngati khala, chala chinakanirira pomwepo. Alamu anakuwa, akumenyetsa mawondo pa bampala, fungo la nyama yopserera litadzaza galaja.

Makaniko anatola pulayala yodulira waya, n'kuyang'ana mlongo wake.

"Achimwene," anatero mlongoyo motsitsa mawu, "musafulumire."