Chitini Chimene Ndinavindikira Kababu

Kwathu kuno khomo lililonse lili ndi kababu ka boma. Wina m'nyumbamo akalemedwa maganizo kamayaka buluu, ndiye mlangizi woyenda pa njinga yamoto amaima n'kulowa kudzacheza naye. Ndi zaulere, koma pakamwa pa anthu, eish.

Kathu kanayaka kutatsala masabata awiri kuti asisi anga a Tiyanjane achite chinkhoswe. Tonse tinadziwa kuti ndi achimwene a Lonjezo, amene chibwerereni ku Joni ankangodzitsekera kuchipinda osadya.

"Akuchimuna akaona zimenezi anena kuti kubanja kuno kuli misala," anatero amayi. "Iwe, tenga chitini cha mkaka uvindikirepo."

"Amayi, si misala, ndi depression."

"Chizungu chakocho ukawauze akuchimunawo."

Ndinavindikira ineyo, ndi manja angawa. Achimwene anandipeza ndili pampando ndikumangirira waya, anaseka pang'ono. "Wakhoza mphwanga, mangitsa chingagwe." M'mawa uliwonse njinga ija inkangodutsa, ife n'kumabayibitsa.

Chinkhoswe chinayenda bho, serious. Patapita masiku atatu ndinachotsa chitini, kababu kali kozima. "Mwaona? Wachira yekha," anatero amayi. Kuchipinda tinapeza bedi loyala bwinobwino, foni yawo ili pa pilo. Mpaka lero sitikudziwa komwe ali.

Mwezi uno kababu kayakanso. Kaya ndi ka ine kaya ndi ka amayi, sitinafunsane. Dzulo m'mawa ndinawapeza pakhonde atanyamula chitini chija. Anachiponda mpaka kuphwatalala, n'kukhala pansi kudikira njinga.