Mmodzi Kutsogolo

Pathebulo la a Kochi panali zitsekerero za mabotolo khumi ndi chimodzi. Chimodzi pagolo, zinayi kumbuyo, zisanu pakati. Kutsogolo kunali chimodzi chokha.

Nyundo, kaputeni wa timu, atangoziona anadziwa kuti zikuimira osewera. Zaka zisanu ndi zitatu timuyi yakhala ikusewera ndi anthu awiri kutsogolo, iye ndi Kamphepo. Lero, kutatsala masiku atatu kuti asewere fainolo, a Kochi amafuna mmodzi.

Woti akakhale pabenchi anali wodziwikiratu. Nyundo anali atamwetsa zigoli khumi ndi zinayi chaka chimenechi. Kamphepo ziwiri basi, chinacho mpira unachita kumugunda m'chiuno. Ochemerera anali atayamba kumuimba nyimbo zachipongwe, ati akuthamanga ngati wasenza thumba la simenti.

Koma Nyundo ankamudziwa mnzakeyo kuposa ochemerera. Anayambira limodzi pabwalo lafumbi, kubwerekana nsapato imodzimodzi, wina yakumanja wina yakumanzere. Ana a Kamphepo ankamuitana kuti bambo aakulu. Tsono kufainoloyi kunkabwera akuluakulu a matimu otchuka kudzasaka osewera, ndipo munthu wa pabenchi palibe amamuona.

Nyundo anakoka mpando n'kukhala osauzidwa.

A Kochi anafotokoza mofatsa. Adani awo anali ndi mphamvu pakati, choncho pamafunika anthu asanu owapanikiza pamenepo. Mpira ukalandidwa, kungouponya kutsogolo, mmodziyo athamangire.

Nyundo anatola chitsekerero chimodzi chapakati n'kuchikankhira kutsogolo. Ananena kuti otchinga kumbuyo a timu inayo ndi ataliatali koma olemera, ndipo amasokonezeka akamakokedwa mbali ziwiri. Anawakumbutsa kuti zigoli zake zambiri zinkabwera chifukwa Kamphepo amakoka anthu n'kumusiyira mpata. Ntchito imeneyo siilembedwa m'nyuzipepala, koma ndi imene imadyetsa timu.

A Kochi anabweza chitsekererocho pakati. Nyundo anachikankhiranso kutsogolo. Chinayenda ulendo umenewu kanayi.

Kunja anyamata anali atayamba kuthamanga mozungulira bwalo. Pawindo Nyundo anaona Kamphepo atawerama, akumanga zingwe za nsapato payekha, kutali ndi anzake. Ndiye kuti mnzakeyo anali atamva kale mphekesera, n'kumangofera mumtima osamuuza.

Nyundo anapempha, ananyengerera, mpaka anakweza mawu, zimene anali asanachitepo pamaso pa a Kochi. Mkuluyo ankangomuyang'ana, chala chili pachitsekerero. Kenaka Nyundo anavula lamba wa ukaputeni pamkono n'kumuika pathebulo.

"A Kochi, mukamusiya panja m'bale wangayu, nanenso mundisiye. Tilowe tonse kapena tikhale tonse."

A Kochi anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi m'mphepete mwa malaya. Anafunsa ngati awiriwo anakambiranapo nkhaniyi. Nyundo anati ayi, sanafune kumukhumudwitsa. Ndipo anapempha kuti Kamphepo asadzamve n'komwe kuti anamuchonderera, chifukwa ndi munthu wamanyazi.

Mkuluyo anapumira m'mwamba.

"Mwana wanga, nzeru ya mmodzi kutsogoloyi si yanga. Anabwera nayo ndi Kamphepo Lolemba, atakhala pampando womwewo. Mmodzi wakutsogoloyo ndi iyeyo. Anandiuzanso za bondo limene wakhala ukundibisira mwezi wonsewu."

Za bondolo ngakhale mkazi wa Nyundo sankadziwa. Ankadziwa ndi munthu mmodzi yekha, amene ankamumanga bandeji m'bafa masewera asanayambe.