Kompyuta Youma Teni Koloko

Pamene Luckness ankalumikiza laputopu yake ku kompyuta ya pachipatalapo, mzere wa odwala unali utatulukira kale panja. Chinali chipatala chaching'ono kupitirira Ntaja, cha namwino mmodzi ndi kalaliki mmodzi. Kalalikiyo anali Che Akimu, bambo a imvi zapatalipatali. Ntchito yawo inali kulemba wodwala aliyense mu kompyuta asanalowe kwa namwino.

Bungwe lomwe linapereka kompyutayo ndilo linatuma Luckness kuchokera ku Balaka. Kwa mwezi wathunthu, makinawo ankauma, osayankha chilichonse, tsiku lililonse cha m'ma teni koloko, mzere n'kuima. Abwana ake sanachulutse gaga m'diwa. Ngati vuto ndi makina, agula ena. Ngati vuto ndi munthu, apeza wina.

"Imauma bwanji, Che Akimu?" anafunsa Luckness.

"Imangouma, mayi," iwo anayankha, maso ali pa kiyibodi. "Pakapita kanthawi imadzuka yokha."

Kuizimitsa kuti aione bwino kunali kosatheka. Kompyuta yomweyo ndiyo inkayang'anira kuzizira kwa firiji ya katemera, ndipo mzerewo sukanadikira. Luckness anayenera kuisegula m'mimba ikugwira ntchito.

Mkati mwa kompyuta muli phata lomwe akatswiri amalitchula kuti kenelo. Ndilo limagawa ntchito zonse. Phatalo linamangidwa ndi timalamulo tambirimbiri, kena komvetsera kiyibodi, kena kosunga zolembedwa, kena kowerenga nthawi. Pakhomo pa kalamulo kalikonse, omwe anamanga phatalo anasiyapo kampata kopanda kanthu. M'timipata timeneti ndimo Luckness ankalembamo mawu ake, makina akuyenda: wodutsa pano ayambe walembetsa dzina ndi nthawi, kenako apitirize ulendo. Kunali kusoka chigamba malaya ali pathupi. Kulakwitsa chilembo chimodzi kukanagwetsa chilichonse, ndi firiji yomwe.

Anayamba ndi timalamulo khumi. Makina sanatsokomole. Anaonjezera zana, kenako anatsegula tonse tomwe ankatikayikira. Mizere inayamba kutsika pa laputopu ngati nyerere, uliwonse ndi nthawi yake. Luckness anadikira.

Itangokwana teni koloko, Che Akimu anachotsa manja pa kiyibodi.

"Yauma!" analengeza.

Mawuwo anayenda mumzere mpaka panja. Amayi anayala zitenje pansi. Bambo wina anatulutsa chinangwa m'thumba nayamba kusenda. Palibe anadandaula. Che Akimu anavala kofiya yawo bwinobwino, natulukira khomo lakuseri.

Luckness anayang'ana laputopu. Nyerere zinkatsikabe. Kalamulo ka nthawi kankagunda mosaphonya. Ka firiji kankabwera pa mphindi yake. Kosunga zolembedwa kanali maso. Chete anali pamalo amodzi okha: kalamulo ka kiyibodi. Sikanakanike kuyankha ayi. Panalibe wokaitana.

Patatha mphindi makumi awiri ndi zisanu, Che Akimu anabwerera, anakhala pansi, nadina batani.

"Yadzuka," anatero.

Luckness sanali munthu woweruza ndi tsiku limodzi. Anasiya zigamba zake momwemo, mawa lake n'kulawirira. Teni koloko, yauma. Mphindi makumi awiri ndi zitatu, yadzuka. Tsiku lachitatu anaikanso maso ake pa waya wa kiyibodi, kuopa kunamizira munthu wamkulu. Wayayo anali bwinobwino.

Zotere anali ataziona kambiri. Kwinakwake anapezako kalaliki yemwe makina ake ankafa tsiku la msika lokha. Kwina, ankafa mpira ukayamba. Che Akimu nawo, anaganiza motero, ndiye kuti anali ndi kageni kawo pamsewu. Chomwe chinamuwawa n'chakuti kompyuta yosalakwa inatsala pang'ono kutayidwa, ndipo amayi odwala ankakhala padzuwa chifukwa cha bodza la munthu mmodzi.

Teni koloko ya tsiku lachitatulo, mpando wa kalaliki uli wopanda munthu, Luckness anamasula zigamba zake chimodzichimodzi. Timipata tonse tinabwerera mwakale, topanda kanthu, ngati sipanadutse munthu. Kenako analemba lipoti la mizere iwiri. Makina alibe vuto lililonse. Pa nthawi yomwe akuti auma, palibe amene amawagwira.

Chala chinafika pa batani lotumizira, n'kuima. Lipotilo linali lochotsa munthu ntchito, ndipo iye analeredwa kuti mawu otere umayamba wamuuza mwini wake pamaso. Anatseka laputopu natulukira khomo lakuseri.

Sanayende mtunda. Che Akimu anali ataima pakona pa nyumbayo, atatembenukira kumsewu ngati mlonda, kansalu ka mwana kali paphewa.

"Che Akimu, kompyuta ija siuma," anatero Luckness.

"Iyayi, siuma," iwo anavomera mosatekeseka.

"Nanga mukudziwa kuti ndikalemba zimenezi ntchito yanu yatha?"

Iwo anangopatuka pang'ono kuti aone. Pamthunzi, pa ndowa yovundikira, panakhala namwino Fauziya, nsapato atavula, akuyamwitsa khanda lake la miyezi inayi.

"Makina akamayenda mzere suima, ndipo mzere ukapanda kuima uyu sayamwa," anatero Che Akimu. "Akangoyamba phala, kompyutayo ichira yokha."